Masilabu Ogona Chafufumimba ku Ndirande

Ana anga, mwakhala mukundifunsa, makamaka iwe Rute, kuti zinatheka bwanji kuti anzanga amene tinayambira limodzi ntchito apume ali masupavaiza, ena ali ndi nyumba ku Nkolokosa, pamene ine ndinapuma ndili kapitawo yemwe uja wa levulo ndi wilibala, ndikukhala m'nyumba yomwe ino ya ku Ndirande. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti mwayi sufanana. Ndinkakunamizani. Nkhaniyo ndi iyi, ndipo muiwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

1971

Ndinalembedwa ntchito ku dipatimenti yokonza misewu ya mumzinda muno ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ntchito yake yosakaniza simenti, mchenga ndi miyala. Anandiika m'gulu la mmisiri wina wachikulire, Che Bwanali, Msilamu wa ku Chilomoni amene anali katswiri woyala masilabu m'njira za anthu oyenda pansi m'mbali mwa misewu. Munthu ameneyu ankandinyansa ndi chinthu chimodzi. Tikafika pamalo atsopano sankalola kuti tikhome zikhomo ndi kukoka chingwe. Ankayamba wakhala pamwala, kofiya ali pamutu, n'kumangoyang'ana anthu akudutsa, mwina mpaka dzuwa kukwera. Ine ndi magazi anga otentha ndinkati ndi ulesi wa ukalamba. Tsiku lina ndinalephera kupirira ndipo ndinati, "Che Bwanali, kodi atilemba ntchito yowerenga anthu?" Iwo sanakwiye. Anandikoka malaya kuti ndikhale pansi nati, "Iwe Makwinja, usayang'ane nkhope, yang'ana mapazi. Bambo wa nsapato uyo akuponda kamodzi pa silabu iliyonse. Mayi wa dengu uyo chitenje chamumanga miyendo, akuponda kawiri, ndiye phazi lake limagwera polumikizira. Pakakhala mpata pamenepo, chala chapita. Ndipo wosenza sayang'ana pansi, phazi ndiye maso ake." Ndinavomera ndi mutu, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linali.

Chimene ine ndinkakonda chinali kusalaza. Ndinaphunzira kuwaza simenti youma pamwamba pa yonyowa n'kumaisisita ndi chitsulo chosalazira mpaka iwale. Loweruka ndinkagwira maganyu m'makhonde a anthu ku Chitawira, ndipo amayi a kumeneko ankandilimbirana chifukwa khonde langa likapakidwa polishi munthu ankadzionerapo nkhope. Anandipatsa dzina loti Makwinja wa Galasi. Dzinalo ndinalikonda kuposa la ubatizo, ndipo ndi lomwe linadzandigwetsa.

1995

Pofika chaka chimenechi ndinali kapitawo, ndili ndi amuna khumi ndi anayi. Zipani zambiri zinali zitalowa, ndipo tauni inasintha ngati yachita kutembenuzidwa. Maminibasi anachuluka, mavenda anadzaza m'mbali mwa misewu, ndipo anthu anasiya kuopa kudandaula. A ku Ndirande kuno anadandaula za chitunda chija chotsika kuchokera pachigayo kukafika pamlatho wa kumsika, pomwe anthu ankapanikizana ndi magalimoto mumsewu umodzi. Ofesi inavomera kuti tiyale njira ya masilabu mbali imodzi ya msewuwo, ndipo ntchitoyo anandipatsa ine poti ndinali mwana wa komweko.

Bwana wanga anali injiniya wachinyamata, a Chimwaza, amene anali atangobwera kumene kusukulu ya kunja. Musamve zoti anali munthu woipa, ayi. Ankavula jekete n'kugwira fosholo, ndipo ankanditchula kuti a Makwinja ngakhale pamaso pa akuluakulu. Pepala limene anajambula linkangonena kukula kwa silabu ndi kupingasa kwa njira. Za pamwamba pake silinanene kanthu. Ndine ndemwe, ndi pakamwa panga pano, ndinati, "Bwana, ndisiyireni ine. Anthu a ku Ndirande akhala akupatsidwa zotsalira kuyambira kale. Ulendo uno ayende pa zinthu zowala ngati a ku mayadi." Iwo anaseka nati ndichite zimene ndikudziwa.

Vuto linali simenti. Kwacha inali itagwa mphamvu, ndipo simenti inkabwera mwa apo ndi apo, lero matumba khumi, kenako milungu itatu zii. Masilabuwo tinkaumba kuyadi ya dipatimenti, m'mafelemu a matabwa oyalidwa pamchenga, motero kunsi kwake kunkatuluka kokhakhala, kodzaza mchenga ndi timiyala. Kumeneko ine ndinalibe nako ntchito poti kunkakagona pansi. Pamwamba ndi pomwe ndinathera mtima wanga wonse. Silabu iliyonse ndinkaisalaza ndekha, ndipo wantchito akangoikhudza ndi chala isanaume ankamva mawu amene sindingalembe m'buku lino. Tinaumba oposa mazana anayi m'miyezi isanu ndi umodzi.

Che Bwanali anali atapuma kalekale, koma tsiku lina anatulukira kuyadi ndi ndodo yawo. Anavula nsapato imodzi, anasisita silabu ndi phazi, kenako anandiyang'ana nati, "Makwinja, izi anthu aziyendapo kapena azidyerapo?" Anyamata anga anaphulika kuseka. Ine ndinapsa mtima ndipo ndinayankha mwamwano kuti nthawi yasintha, si ya atsamunda ino. Mkuluyo anavala nsapato yake n'kumapita.

Kumapeto kwa chakacho a Chimwaza anandiitana muofesi n'kundiuza kuti pali malo a supavaiza, ndipo dzina langa alipereka kale. Udindowo unkabwera ndi njinga yamoto komanso nyumba ya ku Nkolokosa, ya mpopi m'kati. Chinatsala n'choti njira ya ku Ndirande itsegulidwe bwino pamaso pa akuluakulu, basi. Nditawauza mayi anu, anakhala pansi pakhomo n'kugwira pakamwa. Mukumbukire kuti chilowereni m'banja mu 1974, madzi onse amene munasambira ndi kumwa inu anadza pamutu pawo. Za njinga yamoto sanafunse n'komwe. Anangoti, "Bambo a Rute, mpopiwo uli m'khitchini mwenimwenimo?"

1996

Tinamaliza kuyala mu Meyi, kunja kuli gwa. Ha, inali njira koma imeneyo! Dzuwa likamatuluka inkanyezimira kuyambira pachigayo mpaka pamlatho, ndipo ine ndinkadutsapo kawiri pa tsiku popanda chifukwa. Mwambo wodula riboni anauika kumapeto kwa Julaye.

Kenako kunabwera chiperoni, kamvula kaja kowaza ngati ufa komwe kamatha sabata osaleka. Dothi lofiira linatsika kuchokera m'makomo a kumtunda, fumbi la gaga la pachigayo linamatirira, ndere zinayamba kumera, ndipo njira yanga inasanduka sopo. Kayendedwe ka anthu kanasintha ndikuona. Abambo a nsapato ankatsika cham'mbali ngati nkhanu, manja atatambasula, maso ali pansi. Ana asukulu ankachita kuthamangira kuti atsetsereke. Koma amayi osenza, amene ndiwo anali ochuluka pachitundacho, anangoisiya njirayo n'kubwerera mumsewu, kumene maminibasi ankawaimbira mahutala ndi kuwakhudza zitenje. Ndiye poti malo a m'mbali mwa phula omwe ankayendamo kale tinali titawadya ndi masilabu, tsopano ankayenda pakati penipeni pa msewu. Ndinali nditawaika pangozi yoposa ya kale, koma mukuganiza kuti ndinavomera? Ndinati ndi umbuli, anthu ozolowera tinjira ta kumudzi. Ndinafika poimirira pachigayo n'kumakalipira amayi a eni ake kuti boma lawononga simenti chifukwa cha iwo.

M'mawa wina ndikukalipa choncho, ndinaona mayi wina akutsika mumsewu ndi ndowa ya ufa pamutu, minibasi ikumupuma kumsana. Nditatsegula pakamwa kuti ndimukalipire, ndinazindikira chitenje. Anali mayi anu. Anyamata anga anayang'ana kumbali ngati sanaone. Madzulo ake ndinalowa m'nyumba ndili moto. Ndinati, "Amake Rute, mwandichititsa manyazi pamaso pa antchito anga. Mkazi wa kapitawo kukana njira ya mwamuna wake?" Iwo anapitiriza kusadzula masamba ngati sindikulankhula, kenako anati, "Njira yanuyo ndi yokongola, bambo a Rute. Koma ine ndili ndi ana asanu, sindikufuna kuthyoka msana."

Patangopita masiku atatu, Abiti Juma, mnansi wathu wa kuseri uja amene ankagulitsa nthochi, anagundidwa ndi minibasi pakati pa chitundacho. Mulungu anachita chifundo, sanafe, koma mwendo unathyoka pawiri. Ine ndinafika anthu atamunyamula kale. Nthochi zinali mbwee mumsewu, nkhata yake ili m'ngalande, ndipo pafupi pomwepo njira yanga inali ikuwala, yopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Komabe ndinauza anthu kuti wolakwa ndi dalaivala.

Loweruka m'mawa mayi anu anadzaza ndowa ndi madzi, anapinda nkhata, n'kundipatsa zonse ziwiri. Anati, "Tiyeni kuchigayo. Mukasenze ndowa iyi, mutsike nayo panjira yanuyo mutavala mapatapata anga. Mukakafika pamlatho madzi ali momwemo, ine ndiziyenda pamenepo mpaka kufa." Mwamuna wamkulu, kapitawo, kusenza ndowa pamsewu wa ku Ndirande! Koma mukudziwa inu kuti bambo anu akauzidwa kuti sangathe, nzeru zimawathawa. Ndinapita. Anthu anasonkhana, mavenda anasiya malonda, makondakitala anatulutsa mitu m'mawindo.

Ndowa itangokhala pamutu ndinazindikira chinthu chimene ndinauzidwa zaka makumi awiri ndi zisanu m'mbuyomo. Sindikanatha kuyang'ana pansi. Ndikangoweramitsa mutu pang'ono, madzi ankakhavukira kumaso. Manja onse anali kundowa, ndiye panalibe chotambasula. Phazi linkafufuza lokha pogwira, koma paliponse linkapeza posalala pokhapokha. Ndinayenda masilabu asanu ndi awiri. Pa yachisanu ndi chitatu miyendo inapita kutsogolo, ine n'kukhala pansi phi, ndowa n'kundivundikira. Chitunda chonse chinafa ndi phwete. Wina anakuwa kuti, "Galasi lasweka!" Mayi anu okha ndi amene sanaseke. Anatola ndowa yawo, anandipatsa dzanja, n'kundifunsa ngati ndavulala.

Ndili chikhalire pamenepo, thalauza itanyowa, maso anga anagwera pakhomo la chigayo. Mwini chigayo anali atatola silabu imodzi yobenthuka imene tinataya, n'kuiyala pangalande ngati kamlatho, koma anaigoneka chafufumimba, kokhakhala kuli pamwamba. Ndinaona amayi atatu akutuluka ndi matumba pamutu, aliyense akuponda pamenepo mosaopa, akucheza, mvula ikuwaza. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo sanali manyazi a kugwa.

Lolemba ndinali muofesi ya a Chimwaza isanakwane seveni. Ndinawafotokozera zonse, za Abiti Juma ndi za ndowa zomwe. Anandimvetsera bwinobwino, kenako anati simenti youmbira ena palibe, ndipo kusema mizere ndi tchizulo kungaswe masilabuwo poti ndi opyapyala. Ndinati, "Bwana, sitifuna simenti. Tingowatembenuza." Poyamba anaseka poganiza kuti ndikucheza. Ataona kuti sindikuseka, nkhope inasintha. Anati, "A Makwinja, kwatsala masiku khumi ndi awiri. Akuluakulu ndawauza kale kuti ku Ndirande kuli njira yoti sanaionepo. Mukufuna adzaone chiyani, misana ya achule? Dikirani riboni idulidwe, chiperoni chithe, chaka chamawa tidzaona chochita." Ndinafunsa kuti nanga wina akagundidwa mawa? Anasewera ndi cholembera, kenako anati, "Ndikukupemphani ngati bambo anga, musakhudze silabu ndi imodzi yomwe. Mukakhudza, za usupavaiza muiwale, ndipo ine sindidzatha kukutetezani." Sindiwaimba mlandu. Nawonso anali ndi owakalipira pamwamba pawo, ndipo inali ntchito yawo yoyamba yaikulu.

Nditafika kunyumba ndinawapeza mayi anu akuchapa, ndipo ndinawauza monga zinalili, kuti ndikatembenuza masilabu, mpopi wapita. Kunena zoona ndinkafuna andiletse. Ndinkafuna anene kuti ganizirani ana, kuti ine ndipeze pobisala. Anapukuta manja pachitenje nati, "Mpopiwo ndimaufuna, bambo a Rute, musaganize kuti sindiufuna. Khosi langali latopa. Koma ife tikasamukira ku Nkolokosa, anzangawa atsala akutsika pomwepo, ndipo azidzati njira ija anamanga ndi amuna a uje. Njirayo ndi yanu, muone nokha." Atatero anabwerera kuchapa, ndipo ndinaona kuti akupukuta m'maso ndi mkono.

Lachiwiri m'mawa ndinasonkhanitsa anyamata anga pachigayo. Ndinawauza kuti bwana wakana, kuti amene akuopa apite kuyadi ndipo sindimusungira mangawa, komanso kuti mlandu wonse ndi wanga. Awiri anapita. Khumi ndi awiri anatsala, ndipo tinayamba kutukula ndi zitsulo. Silabu yoyamba nditaitembenuza, nkhope yake yowala ija n'kuigoneka m'dothi, mtima unandipweteka ngati ndikuika maliro. Kunsi kwake kunali konyansa zedi, mabangamabanga, timiyala tili tuu, ndipo pa ina panatuluka chidindo cha jombo yanga yomwe ndinaponda nayo pamchenga tsiku loumba. Tsiku lachiwiri Che Bwanali anatulukira, kaya anamva kwa yani. Sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala pamwala n'kumaloza ndi ndodo kuti tithinanitse polumikizira chala cha mwana chisalowe, ndiponso tipendeketse pang'ono madzi azithawira kungalande. Amayi a pamsika anayamba kutibweretsera mbatata yootcha ndi thobwa. Chodabwitsa n'choti sanadikire kuti timalize. Ife tikutembenuza kumunsi, iwo anali atayamba kale kuyenda kumtunda, madengu ali pamutu, kenako n'kupatukira mumsewu pomwe payambira posalala.

A Chimwaza anafika Lachisanu, titadutsa theka. Anatsika m'galimoto n'kuima, manja ali m'chiuno. Anayang'ana njirayo, anayang'ana amayi akutsika. Kenako anabwera pafupi nati motsitsa mawu, "A Makwinja, mwandivula." Ndinati, "Pepani bwana." Anafunsa kuti kwatsala angati, ndinawauza, ndipo anati, "Malizani, poti theka ndi loipa kuposa zonse." Mwambo wa riboni anausamutsira ku ntchito ina ya mbali ina ya tauni. Ine ndinalandira kalata yonena kuti ndinanyoza lamulo la mkulu wanga, ndipo anandisamutsira ku gulu lofukula ngalande ku Bangwe, kumene ndinakhala mpaka kupuma. Usupavaiza anapatsa mnzanga wina, ndipo mkazi wake ndi amene anakatsegula mpopi uja. Ndinamva pambuyo pake kuti pa mapepala onse amene a Chimwaza anajambula kuchokera nthawi imeneyo ankalembapo kuti pamwamba pa silabu pazikandidwa ndi tsache isanaume. Sanandiuzepo okha, ndipo ine sindinawafunse.

Musaganize kuti ndinakhala wokondwa ngati woyera mtima wa m'buku. Zinandiwawa kwa zaka. Ndikaona mnzanga uja akudutsa pa njinga yamoto ine ndili m'ngalande ya ku Bangwe matope ali m'mawondo, ndinkatukwana chamumtima. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkamva mayi anu akutsegula chitseko ndi ndowa kupita kokatunga madzi. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo nthawi zina ndinkalakalaka akanangondinena.

1999

Ichi ndi chaka chimene matenda a shuga anawatsekera maso mayi anu. Inu akuluakulu mukukumbukira mmene zinawasautsira, munthu wozolowera kudzichitira zonse n'kumagwiridwa dzanja popita kuseri. Ankangoona mbuu. Tsiku lina mu Julaye, chiperoni chili m'kati, ndinawatenga kuti tikakwere minibasi pamlatho kupita kuchipatala. Kuchokera pakhomo anandigwira mkono mwamphamvu, akukwekwereza mapazi, akundifunsa pa phazi lililonse ngati pali dzenje. Titafika pachigayo, phazi lawo linaponda silabu yoyamba. Anaima. Analisisita kawiri pamenepo, kenako anandisiya mkono.

Ndinati, "Amake Rute, gwirani, kukuterera." Iwo anati, "Pano musandigwire, bambo a Rute. Pano ndipadziwa."

Anawongola khosi ngati asenza, ndipo anatsika okha chitunda chonsecho mpaka pamlatho, osapunthwa ngakhale kamodzi. Ine ndinkatsatira m'mbuyo nditanyamula kachikwama kawo ka mapepala a kuchipatala, misozi ikutsika, mavenda akundiyang'ana, ndipo sindinaipukute.

Mpopi sindinawapatse mayi anu mpaka anatisiya, ndipo chimenecho chidzandiwawa mpaka nanenso ndidzapite. Koma mukadzadutsa pachitunda chija, musadzanyoze masilabu onyansawo. Ntchito yokongola kuposa zonse imene manja angawa anagwirapo ili pomwepo, yayang'ana m'dothi, ndipo ndikukupemphani kuti wina asadzaitembenuzenso.